Mafunso ndi Mayankho: Lamba wa msilikali wakale, wakuda kapena wofiirira?

Makalata a mwezi uno akufunsa za zikopa zimene amavala anthu oyerekezera nkhondo zakale, kaya m'masewero a kusukulu, m'mafilimu, kapena m'magulu a kunja amene amavala ndendende monga asilikali a zaka 100 zapitazo. Oyankha ndi alembi athu a za mbiri ya nkhondo mothandizana ndi amisiri a zikopa.

Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina. Ana anga akukonza sewero la nkhondo ya pa 9 September 1914, tsiku limene Ajeremani anaukira Karonga. Pa zithunzi zakale, malamba ndi timatumba ta zipolopolo ta asilikali a Keyala zikuoneka zakuda bii. Tigule polishi wakuda? Mphunzitsi, Karonga

Aphunzitsi, polishi wakudayo musagule. Zikopa za asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankawatchula kuti a Keyala, zinali zofiirira, ndipo chimene chakusocheretsani ndi kamera ya nthawiyo. Magalasi ndi mafilimu ojambulira amene anali ofala m'zaka zimenezo, otchedwa orthochromatic, sankagwira kuwala kofiira. Chilichonse chofiira, chofiirira kapena chachikasu chinkatuluka choderapo kapena chakuda kumene, pamene chabuluu chinkatuluka chotuwa. Mukapeza chithunzi cha nthawi yomweyo chokhala ndi mbendera ya Britain muchiyang'anitsitse: mtanda wofiira ukuoneka wakuda kuposa mbali zabuluu, chikhalirecho pa mbendera yeniyeni buluuyo ndiye woderapo. Choncho lamba wofiirira, wonyowa ndi mafuta, wodutsa pa malaya a khaki, pachithunzi ankatuluka wakuda basi. Zithunzi zakale zopakidwa mitundu pa kompyuta, zimene zachuluka pa intaneti, musazikhulupirire m'pang'ono pomwe pa nkhani ya mtundu. Wopakayo amangoganizira.

Zida zimene mukufuna ndi za mtundu wa 1903, zimene Britain inakhazikitsa itangotha nkhondo yake ndi Mabunu ku South Africa. Pali lamba wa m'chiuno wa masentimita pafupifupi 4.5 m'lifupi, timatumba tolowetsa pa lambayo, ndi lamba wopingasa pachifuwa wokhala ndi matumba asanu, lililonse la zipolopolo 10. Zonsezo ndi chikopa chofiirira chokhala ndi zomangira zamkuwa. Asilikali oyenda pansi a ku Britain anazisiya msanga n'kuyamba kuvala za nsalu yolimba ya thonje za mtundu wa 1908, koma okwera pa akavalo, a mizinga ndi magulu a m'maiko olamulidwa anapitiriza nazo. Sewero lanu likanakhala la 1917 kapena 1918, Keyala itakula kufika pa mabataliyoni 22 n'kumathamangitsa mtsogoleri wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, mpaka ku Mozambique, tikanati muonjezere za nsaluzo. Pa 1914 khalani pa chikopa.

Ena adzakuuzani kuti gulu lililonse lokhala ndi dzina la Rifles limavala zakuda. Mwambo umenewo ulipodi ku Britain, kumene Rifle Brigade ndi King's Royal Rifle Corps ankavala yunifolomu yobiriwira ndi zikopa zakuda m'zaka za m'ma 1800, koma zida za 1903 zinkaperekedwa zofiirira. Chakuda pa asilikali a ku Nyasaland chinali chisoti chachitali chija chotchedwa fez, chimene mabataliyoni ena a Keyala ankavala chofiira. Ngakhale chimenecho, popita kunkhondo ankachikuta ndi nsalu ya khaki yokhala ndi kansalu kotchinga khosi. Anawo muwaveke juzi yabuluu woderapo kapena malaya a khaki, kabudula wa khaki, ndi nsalu zabuluu zokulunga m'misongolo. Kumapazi akhale opanda nsapato kapena avale nkhwaira zachikopa. Jombo zakuda za masiku ano zingaononge ntchito yanu yonse, chifukwa diso la woonera limafikira kumapazi msanga.

Wosewera ngati Captain Barton, amene ankatsogolera mbali ya Britain, ndi maofesala anzake avale lamba wa Sam Browne: wofiirira, wa masentimita pafupifupi 5.5 m'lifupi, chomangira chamkuwa cha mano awiri, ndi kachingwe kochokera kumanzere kwa chiuno kudutsa pa phewa lamanja. Dzina loti Sam Browne ndi la mkulu wa asilikali amene anaduka mkono wamanzere ku India mu 1858, ndipo kachingweko kankamuthandiza kusolola lupanga ndi dzanja limodzi. Nsapato za maofesala zikhalenso zofiirira.

Mbali ya Ajeremani, amene anatsika kuchokera ku Neu Langenburg, kumene lero ndi ku Tukuyu, nayonso ndi ya khaki ndi zikopa zofiirira. Gulu lawo, Schutztruppe, silinali pansi pa malamulo a kavalidwe a asilikali a ku Ulaya, ndipo lamulo la ku Germany lodetsa zikopa la mu 1915 linabwera nkhondo ya Karonga itapita kale. Ndiye oonera adzasiyanitsa bwanji? Pa zisoti ndi pa utsi. Asikari (asilikali achiafrika) ambiri a Ajeremani anali ndi mfuti zakale za Mauser za mtundu wa 1871 zogwiritsa ntchito wonga wakuda, zimene zinkafuka utsi woyera wochuluka n'kuulula pamene wowombera wabisala. Mbali ya Keyala, ya zipolopolo za .303, utsi wotere kunalibe.

Musaiwale amtengatenga. Anthu a ku Nyasaland amene anasenza katundu pa nkhondo ya Chiwaya anali pafupifupi 200,000, pamene asilikali anali pafupifupi 19,000. Amenewo safuna lamba aliyense, koma sewero lopanda iwo silinanene zoona zonse.

Ndimasoka nsapato pamsika. Gulu la zisudzo landipatsa oda ya malamba 15 ndi matumba a zipolopolo a asilikali akale, ofiirira. Ndinayesa pa chikopa chotsala cha mipando koma utoto ukungotsetsereka. Ndalakwitsa pati? Mmisiri, Limbe

Achimwene, vuto lili pa chikopacho, dzanja lanu lilibe mlandu. Zikopa zimafufutidwa m'njira ziwiri zazikulu. Ya makedzana ndi ya makungwa a mitengo monga oak ndi wattle. Ya m'mafakitale ambiri lero ndi ya mankhwala a chrome, imene inayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Chikopa cha mipando, cha majekete ndi cha nsapato zambiri ndi cha chrome, ndipo pamwamba pake amachimata penti yapulasitiki. Malamba ndi matumba a asilikali ankapangidwa ndi cha makungwa, chifukwa chimauma gwa, chimasunga maonekedwe a chikombole, ndipo chimamwa utoto ndi mafuta.

Pogula, dulani kachidutswa muone m'mphepete. Cha chrome m'kati mwake mumaoneka motuwa mopita kubuluu, cha makungwa mumaoneka mofiirira pang'ono kuyambira pamwamba mpaka pansi. Dontho la madzi pa cha makungwa chosapakidwa limalowa n'kusiya banga loderapo, pa cha chrome limangokhala pamwamba. Chinyowetseni n'kuchipinda: cha makungwa chikauma chimakhala chopindika chomwecho. Funani cha ng'ombe, chokhuthala mamilimita 3.5 mpaka 4 cha malamba, ndi 2 mpaka 2.5 cha matumba. Cha mbuzi chimakhala cha milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo chimatamuka. Lamba wa chikopa cha mbuzi amasanduka chingwe pa mwezi umodzi.

Mtundu umene mukuufuna ndi wa fodya wa bale wouma bwino m'chigafa, wosapita kwambiri kofiira, wosapitanso kwakuda. Musayambe ndi utoto. Dulani, boolani mabowo onse, umbani matumba pa chikombole chamtengo chikopa chili chonyowa, ndipo musiye ziume pamthunzi. Zitsulo musaike. Pukutani pamwamba ndi kansalu konyowetsa sipiriti woyera wa ku famase kuti muchotse thukuta la m'manja, chifukwa pamene pagwira chala chamafuta utoto sulowa ndipo pamatsala chidindo. Sipiriti wapepo uja amasiya mtundu wake pa chikopa chowala.

Kenako yesani njira yopanda utoto n'komwe, imene nthawi zambiri imatulutsa mtundu weniweni kuposa ya m'botolo. Pakani mafuta a neatsfoot pang'ono, supuni imodzi yaing'ono pa lamba mmodzi, ndipo muyanike padzuwa masiku awiri kapena atatu mukumatembenuza kuti mbali zonse zipse mofanana. Chikopa cha makungwa chimadera ndi dzuwa. Chinthu chilichonse chimene chagona pamwamba pake, ngakhale tsamba, chimasiya chithunzi chake chowala, ndiye yanikani pamalo oyera. Mafuta a neatsfoot akasowa m'sitolo, dziwani kuti ndi omwe aja amayandama mukamaphika mang'ina. Wiritsani miyendo ya ng'ombe popanda mchere, wengani mafutawo, muwasiye adikhe, ndipo musefe pansalu kawiri.

Mtundu ukakhala wosakwana, ndiye mubweretse utoto wa zikopa wosungunulira m'sipiriti, monga wa Fiebing's. Wa m'botolo wosasungunula ndi wamphamvu kwambiri: mukadutsa kamodzi pamatsala mizere, mukadutsa kawiri lamba wada. Thirani gawo limodzi la utoto m'magawo atatu a sipiriti. Nyowetsani chikopa pang'ono ndi siponji ya madzi, pakani mozungulira, dikirani ola limodzi, n'kupakanso mopingasa. Kawiri kapena katatu n'kokwana. Lekani mtundu ukadali wowala kuposa umene mukufuna, pakuti mafuta adzauderetsa. Chigone usiku wonse, m'mawa muchikweche ndi nsalu youma mpaka nsaluyo isiye kutenga utoto, kenako mafuta, n'kudikiranso tsiku lathunthu. Zonsezi muyambe mwaziyesa pa chidutswa cha chikopa chomwecho, chifukwa zikopa ziwiri sizimwa mofanana.

Kumbuyo kwa lamba musapake utoto. Zida zambiri zenizeni zinkasiyidwa choncho, ndiponso thukuta likagwira utoto wa kumbuyo umathimbirira pa khaki. M'mphepete munyowetse ndi madzi n'kukhuta ndi kamtengo kosalala mpaka pawale, osapakapo penti yakuda ya m'mphepete mwa nsapato. Potsiriza pakani dubbin: magawo awiri a mafuta a ng'ombe osungunula n'kusefa, gawo limodzi la neatsfoot, gawo limodzi la phula la njuchi, zosungunulira m'chitini choviika m'madzi otentha. Vanishi ndi mankhwala owalitsa a acrylic muwapewe, amapangitsa chikopa kuoneka ngati pulasitiki ndipo amasweka popinda.

Ulusi ukhale wa linen kapena wa thonje wolimba, woyererako, wopaka phula, misoko 6 mpaka 8 pa masentimita 2.5 alionse. Wa nayiloni umanyezimira ndipo kunalibe mpaka m'ma 1930. Zomangira zikhale zamkuwa, osati zoyera zonyezimira. Ndipo malamba 15 aja akapanda kufanana ndendende musadandaule. Boma linkagula kwa makampani ambiri, ndipo mzere umodzi wa asilikali unkakhala ndi zofiirira zosiyanasiyana.

Ndalowa gulu loyerekezera nkhondo yoyamba ya dziko lonse kuno ku England. Ndinagula zida zachikopa za 1914, n'kuzidetsa kuti zifanane ndi zenizeni zimene ndinaona kwa wogulitsa zakale. Anzanga akuti ndaononga. Zoona? Wowerenga, Leeds

Bambo, anzanuwo akunena zoona. Chimene munaona kwa wogulitsa ndi chikopa cha zaka zoposa 100, chimene chamwa mafuta, fumbi, utsi ndi mpweya kwa mibadwo inayi. Msilikali wa mu 1915 ankavala lamba wa miyezi ingapo chabe. Mukamayerekezera, mumavala zaka za chidacho pa tsiku la nkhondo, osati zaka zake za lero. Mukadzaonanso chida chenicheni, pemphani kuti akutsegulireni chivundikiro cha thumba, kapena muone pansi pa kachingwe kolowetsamo lamba, pamene dzuwa ndi polishi sizinafike. Pamenepo ndi pamene pali mtundu woyandikira wa tsiku loperekedwa. Ku Imperial War Museum ndi ku National Army Museum ku London mungaone zida zingapo pamodzi n'kuzindikira kusiyana kwake.

Zida za 1914 zinapangidwa mwachangu chifukwa makampani oluka za nsalu, monga Mills Equipment Company, sakanatha kuveka anthu onse amene anadzipereka nduna ya zankhondo ya Britain, Lord Kitchener, ataitana. Zili ndi matumba awiri a zipolopolo 60 lililonse, ndi chomangira lamba chopindika ngati chilembo cha S. Zoyambirira zinkapakidwa mtundu wobiriwirako kuti zifanane ndi yunifolomu, kenako anasintha n'kupita ku mtundu wofiirira wotchedwa London brown. Zambiri zinasokedwanso ku America. Ndiye mitundu yoyenera ilipo iwiri kapena kuposa, koma wakuda palibe. Funsaninso gulu lanu kuti bataliyoni imene mukuyerekezera inali ndi za chikopa kapena za nsalu m'chaka chimenecho, poti asilikali ambiri ankasinthanitsa zachikopa ndi za 1908 akangopeza mpata.

Kubweza mtundu n'kotheka pang'ono. Ngati munadetsa ndi polishi, pukutani ndi sipiriti kangapo, musinthe nsalu pafupipafupi, kenako mubwezeretse mafuta pang'ono chifukwa sipiriti amaumitsa. Ngati ndi utoto, walowa m'kati ndipo sutuluka. Jiki musayese, amadya chikopa. Mafuta ochuluka amachepako mukakwirira chidacho mu ufa wa chimanga wosalala kwa masiku angapo.

Nsapato zanu za B5, jombo za asilikali a Britain a nthawiyo, zikhale zofiirira, mbali yokhakhala ili kunja, zopaka dubbin. Zimadera zokha ndi matope ndi mafuta, ndipo siziyenera kuwala.

Tinapaka malamba utoto wakuda wa sewero la asilikali a Germany. Wathimbirira pa yunifolomu, ndipo padzuwa ukuoneka wapepo. Tichite chiyani? Wazisudzo, Lusaka

Choyamba, mayi kapena bambo, tsimikizani chaka. Mu August 1914 msilikali wa Germany analowa mu Belgium atavala lamba, matumba ndi jombo zofiirira, chakuda chinali chisoti chake chansonga, chimenenso ankachikuta ndi nsalu. Lamulo lodetsa zikopa zonse linatuluka mu September 1915. Afalansa anachita zosemphana: anayamba ndi zakuda mu 1914, kenako kuyambira kumapeto kwa chaka chomwecho anasinthira ku zofiirira, ngakhale zakuda zotsala zinkavalidwabe. Choncho chaka chimodzi chokha chimatembenuza mitundu ya mbali zonse ziwiri. Ngati sewero lanu ndi la ku Zambia konko, la asikari a Lettow-Vorbeck amene anatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 November 1918, bwererani ku zofiirira zothaitha, zosakanikirana ndi zolanda kwa Angerezi ndi Apwitikizi. Pa nkhondo yachiwiri, asilikali wamba a Germany ankavala zakuda, koma malamba a maofesala anali ofiirira mpaka mu 1943.

Utoto wakuda wa m'botolo umathimbirira chifukwa wochuluka umaumira pamwamba ngati fumbi, ndipo fumbi lomwelo ndi limene limawala mwapepo. Kwechani ndi nsalu youma mpaka isiye kuda, pukutani mopepuka ndi sipiriti, kenako dubbin ndi polishi wakuda pang'ono.

Pa malamba atsopano pali njira yakale imene sithimbirira konse, chifukwa si utoto. Chitsulo chosungunuka chikakumana ndi asidi wa makungwa ali m'chikopa, chikopacho chimada chokha. Tengani lita imodzi ya viniga woyera ndi magalamu 20 mpaka 25 a sitiliwulu wokwechera mapoto, amene amachita dzimbiri. Wonyezimira wosachita dzimbiri uja sagwira ntchito. Mutsukeni ndi sopo kuti achoke mafuta, mumuike m'botolo la viniga, koma chitsekero musamange, chifukwa mumatuluka mpweya wa hydrogen umene ungaphulitse botolo. Likhale panja, kutali ndi moto, sabata imodzi kapena ziwiri mpaka chitsulo chitha kapena kuleka kuwira. Sefani pansalu.

Pakani ndi bulashi mbali yakunja yokha. Malamba a Ajeremani ankadetsedwa kunja, m'kati n'kukhala mofiirira, ndipo ambiri ankasokedwa mbali yokhakhala ili kunja n'kuisalaza ndi polishi. Mukaviika lamba yense m'madziwo amada mpaka m'kati, zomwe si zolondola. Pa mphindi zochepa chikopa chimatuwa kenako chimada. Chikangotuwa osada, ndiye kuti asidi wa makungwa ndi wochepa: wiritsani timatumba tisanu ta tiyi m'theka la lita ya madzi, pakani atazizira, n'kubwerezanso viniga uja. Mukatha pukutani ndi madzi a soda, supuni imodzi yaikulu pa lita, kwa masekondi 20 kapena 30 basi, n'kutsuka ndi madzi oyera. Soda wochuluka kapena wokhalitsa amawotcha chikopa, chimauma n'kumasweka. Pakani mafuta chisanaumiretu, ndipo mtundu wotuwa mopita kubuluu uja udzasanduka wakuda kwenikweni. Fungo la viniga limatha pa sabata. Pa chikopa cha chrome njirayi sigwira.

Asilikali a mbali ya kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, zikopa zawo zinkadetsedwa ndi chitsulo m'njira yofanana. Zina zimene lero zikuoneka zofiirira zinali zakuda, koma zinafufutidwa ndi makungwa a hemlock amene sasunga bwino mtundu umenewu.

Agogo anga anamenya nkhondo ku Burma. Ndikufuna kuvala monga iwo pa mwambo wokumbukira asilikali mu November. Lamba ndigule wamtundu wanji? Mdzukulu, Zomba

Wachikopa musagule. Pa nkhondo yachiwiri asilikali a Keyala ankavala zida za nsalu za mtundu wa 1937. Ku Abyssinia mu 1941 ndi ku Madagascar mu 1942 zinali za khaki. Ku Burma mu 1944, kumene anamenya nkhondo m'chigwa cha Kabaw pansi pa 11th East African Division, yunifolomu ndi zida zinali zobiriwira kuti zigwirizane ndi nkhalango, chipewa chili chamlomo waukulu. Nsalu yotere mungaidetse ndi utoto wobiriwira wa zovala. Chikopa chinatsala pa nsapato ndi pa chimake cha mpeni wa kumfuti. Jombo za msilikali wamba wa Britain zinali zakuda, zofika m'kakolo, za chikopa cha timatuza, zokhoma misomali kunsi. Za maofesala zinali zofiirira.

Mafilimu a ku America asakusokonezeni. Asilikali awo pa nkhondo zonse ziwiri ankavala nsapato ndi zimake za mfuti zofiirira, zakuda zinabwera cha m'ma 1956 ndi 1957. Ataliyana, amene agogo ambiri anakumana nawo ku Moyale ndi ku Gondar, kwawo ankapaka zikopa mtundu wotuwa mobiriwira, ngakhale ku Africa zofiirira zinalinso zofala.

Popeza mwambowu ndi wa boma ndi asilikali, kaonaneni ndi okonza mwambo musanavale. Mamendulo a agogo, mwa chizolowezi cha maiko a Commonwealth, wachibale amawavala kudzanja lamanja la chifuwa. Kumanzere ndi kwa mwini wake.

Kuno ku KwaZulu-Natal ndaona oyerekezera nkhondo ya Isandlwana atavala malamba oyera. Ndi penti? Wowerenga, Durban

Ayi. Asilikali a 24th Regiment amene anagonjetsedwa ndi Azulu pa 22 January 1879 ankavala chikopa chotchedwa buff. Chimafufutidwa ndi mafuta a nsomba, khungu lapamwamba losalala amalipala, ndipo chimatsala chofewa, chaubweyaubweya, chachikasu chotuwa. Ankachiyeretsa ndi dothi loyera losungunula m'madzi, kenako kunabwera mankhwala oyeretsera otchedwa Blanco a kampani ya Joseph Pickering ku Sheffield. Amapaka ndi siponji, chiume, n'kukuntha fumbi lotsala. Penti yoyera imatseka chikopa, imasweka popinda, ndipo imawala, pamene buff sawala konse. Chikopa choyera cha chrome chogulitsidwa lero chili ndi vuto lomwelo. Mukasowa buff, tengani cha makungwa chowala, mbali yokhakhala ikhale kunja, muisalaze ndi sandipepa, n'kupaka dothi loyera losefa bwino lothira guluu wa matabwa pang'ono kuti lisayoyoke.

Kuyera mbee ndi kwa pa perete. Kutchire asilikali ankathimbiritsa zisoti zawo zoyera ndi tiyi, khofi kapena makungwa, malamba n'kuda okha ndi fumbi, ndipo pofika nkhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902 kuthimbiritsa malamba kunali chizolowezi, poti choyera chinkaonekera kutali kwa wowombera. Kathumba kena ka zipolopolo kolendewera pa lamba wa mu 1879 kanali kachikopa chakuda, musakayeretse.

Malamba athu a zisudzo achita chuku m'nyengo ya mvula, ndipo pozungulira zomangira patuluka zobiriwira zomata. Kodi atha ntchito? Mlembi wa gulu, Mulanje

Sanathe. Chuku muchikunthire panja ndi bulashi youma, mutaphimba mphuno, kenako pukutani ndi sipiriti wosakaniza ndi madzi theka ndi theka. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo. Pafupi ndi mbaula kapena pamalata otentha ayi: chikopa cha makungwa chikatenthedwa chili chonyowa chimakhwinyata n'kuuma gwa, ndipo sichibwereranso. Banga loderapo la chuku nthawi zina limatsala, koma dubbin amalibisa.

Zobiriwirazo zimabadwa mkuwa ukakumana ndi mafuta a m'chikopa. Zikachuluka zimakankha zomangira mpaka kuzula misomali yake. Zitokoseni ndi kamtengo kosongola, osati mpeni, pukutani ndi sipiriti, ndipo popaka mafuta muzilambalala zitsulo. Madontho akuda pa lamba wofiirira ndi nkhani ina: pamenepo pagona msomali kapena waya wachitsulo chikopa chili chonyowa, ndipo zachitika zomwe zija za viniga. Madzi a mandimu amawachepetsa mukawapeza msanga, koma mutsuke ndi madzi mukatha.

Chuku chimakonda mafuta ochuluka, ndiye dubbin kawiri pachaka n'kokwana, mvula isanayambe ndi itatha. Mafuta ophikira amavunda n'kuitana makoswe ndi mphemvu. Oyilo wa galimoto amadetsa lamba mpaka kalekale, amafewetsa chikopa mopitirira ndipo amathimbirira pa zovala. Musasunge m'jumbo kapena m'sutikesi yotseka. Pachikani pa mtengo kapena pa chingwe, kutali ndi khoma lonyowa, zofiirira kwaokha ndi zakuda kwaokha kuti polishi asapatsirane, ndipo matumba muwadzaze nyuzipepala kuti asaphwe.

Ngati pakati pa malambawo pali weniweni wa agogo ochokera ku Keyala, muchotseni m'gulu la zisudzo. Musamupake chilichonse, ngakhale dubbin. Akamasiya fumbi lofiira m'manja ndiye kuti chikopa chayamba kufumbwa, ndipo mafuta sachiza zimenezo, amangodetsa ndi kufafaniza zidindo za kampani ndi chaka zimene zili kumbuyo. Mukulungeni m'nsalu ya thonje yoyera, muyese m'lifupi ndi kukhuthala kwake, mujambule zidindozo, ndipo miyesoyo mupatse mmisiri kuti asokere wina wovala pa sewero.